Ndani angakwanitse kutumikira nkhalango za ku America?

Chaka chilichonse achinyamata masauzande ambiri a ku America amavala jombo ndi zisoti zolimba n'kulowa m'nkhalango ndi m'mapiri a dziko lawo kukagwira ntchito yosamalira chilengedwe. Amalambula tinjira ta anthu okaona malo, amamanga timilatho ndi masitepe a miyala, amazula zomera zobwera zimene zikupondereza zomera zam'deralo, amapatulira mitengo yothinana kuti moto wolusa usamafalikire msanga, ndipo ena amathandiza kuzimitsa motowo ukabuka. Ntchitoyi amaigwira kudzera m'magulu amene kuno ku America amatchedwa conservation corps, ndipo ambiri mwa maguluwa amadalira ndalama zochokera ku AmeriCorps, bungwe la boma limene linakhazikitsidwa mu 1993, Bill Clinton ali mtsogoleri wa dzikoli. Ntchito imeneyi ndimailemekeza ndi mtima wonse, chifukwa ndaona mmene imakhwimitsira mwana amene dzulo lomweli sankatha kudzuka yekha m'mawa. Chimene chakhala chikundisowetsa mtendere ndi zimene achinyamatawa amapatsidwa pa thukuta lawo, ndipo kwa ine muyeso wa malipiro amenewo ndi umodzi wokha: kodi mwana wa munthu wosauka, amene alibe kholo kapena m'bale woti azimutumizira kanthu, angathe kuiyamba ntchitoyi n'kuifikitsa kumapeto?

Nkhanizi ndinayamba kuzitsatira bwino pamene mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wobadwira konkuno, anamaliza sekondale n'kukana kupita ku koleji nthawi yomweyo, ati akufuna ayambe wagwirako ntchito ya manja. Anapeza malo m'gulu lina losamalira nkhalango kumadzulo kwa dzikoli, ndipo popeza kwathu mwana wa mlongo wako ndi udindo wako ngakhale mutawoloka nyanja, mapepala a mgwirizano anabwera nawo kwa ine. Anati, "Amalume, muwawerenge ndinu mapepalawa, chifukwa amayi akungoti ndikafa ndi njala." Malo a mtunduwu, ngati ndalama zake zikuchokera ku AmeriCorps, amaperekedwa kwa nzika za America ndi kwa amene ali ndi chilolezo chokhaliratu m'dzikoli, chija ambiri timachidziwa kuti green card. Choncho si mwayi woti wachinyamata wa ku Dedza kapena ku Chipata angaufunsire ali kwawo, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni malo otere ndi wakuba. Koma ana a abale athu amene akukulira kuno akulowa m'magulu amenewa, ndipo makolo awo ayenera kudziwa chimene chili m'mapepalamo asanavomereze.

Gulu limene iye analowa linkagwira ntchito monga amachitira magulu ambiri a kumadzulo: masiku 8 otsatizana kutchire, maola 10 pa tsiku, kenako masiku 6 opuma. M'masiku a kutchirewo zofunika zonse zimakhalapo. Amagona m'matenti, amaphikirana mosinthana chakudya chimene bungwe lagula, ndipo galimoto yowapititsa kumalo a ntchito ndi ya bungwe. Chida chimene sichinkachoka pakamwa pake ndi Pulaski, chimene mbali imodzi ndi nkhwangwa ndipo mbali inayo ndi kakhasu kokumbira mizu. M'madera amene lamulo la mu 1964 loteteza malo achipululu limaletsa makina, mitengo ikuluikulu yogwera m'njira amaidula ndi sowo yaitali ya anthu awiri, wina uku wina uko, mpaka mapewa kuchita dzanzi. Tsiku lina ndinapita kukamutenga pobwera kutchireko. Anatsika m'galimoto ali mbuu ndi fumbi, khosi litapsa ndi dzuwa, zikhatho zili ndi matuza akale ndi atsopano, koma nkhope ili mwee, ndipo asanandipatse n'komwe moni anatulutsa foni kundionetsa chithunzi cha khoma la miyala limene iye ndi anzake anamanga kuti njira isakokoloke ndi madzi. Palibe amene akanandiuza tsiku limenelo kuti ntchitoyi ndi yopanda pake.

Vuto limayamba galimoto ija ikawatsitsa. Pa masiku opumawo mabungwe ambiri sapereka nyumba kapena chakudya, ndipo wachinyamata amayenera kudzionera yekha pogona m'matauni amene nthawi zambiri ali pafupi ndi malo okopa alendo, kumene lendi ndi yokwera kwambiri ndipo eni nyumba safuna munthu wongokhala miyezi yochepa. Mwana wathuyo anali ndi kothawira, chifukwa ankabwera kwa ine, kudya, kuchapa n'kugona pabedi. Pa malo oimikapo magalimoto pomwe ndinamudikirira paja, ndinaona mnzake wina, mtsikana, akutsegula kumbuyo kwa galimoto yake yakale. Munali matiresi opyapyala, bokosi la zovala, kachitofu ka gasi ndi zigubu za madzi, ndipo mawindo anali otchingidwa ndi makatoni. Umo ndi mmene ankakhala masiku onse opuma, n'kumakasamba kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi. Achinyamata ena moyo umenewu amaukonda ndipo amausankha okha, koma kugona m'galimoto uli ndi kwanu kobwerera n'kosiyana kwambiri ndi kugonamo chifukwa palibenso kwina kolowera, ndipo ngakhale galimoto yakaleyo ndi chuma chimene mwana wosauka alibe. Palinso katundu woyambira ntchito. Pa mndandanda wa zinthu zoti abwere nazo panali jombo zachikopa zofika pamwamba pa akakolo, chikwama chachikulu chobereka, thumba logonamo lopirira kuzizira ndi zovala za mvula. Jombo zabwino zokha zimadya madola mazana angapo, ndipo ndinagula ndine malipiro oyamba asanatuluke. Mabungwe ena amabwereketsa zina mwa zinthuzi, ndipo amenewo ayenera kuyamikiridwa, koma kumene sabwereketsa, mwana wopanda amalume amagwa mphwayi asanayambe n'komwe.

Malinga ndi malamulo a AmeriCorps, wachinyamata wotumikira si wantchito wa bungwe limene lamutenga, ndipo ndalama imene amalandira si malipiro a pa ola koma alawansi yomuthandiza kudzisamalira pa nthawi ya utumiki. Zimenezi zili ndi zotsatira zimene zimamveka m'thumba. Alawansiyo imagawidwa mofanana pa nthawi yonse ya mgwirizano, moti sabata imene wagwira maola ambiri ndi sabata imene wagwira ochepa amalandira chimodzimodzi, ndipo za ovataimu palibe. Malamulo a malipiro otsikitsitsa samuteteza, komanso utumiki ukatha, m'zigawo (states) zambiri za dzikoli sangalandire thandizo limene boma limapereka kwa anthu amene ntchito yawathera. Msonkho wokha ndi umene samamusiyanitsa ndi wantchito, chifukwa amamudula ndithu. Mu 2024 alawansi yotsikitsitsa imene bungwe linkaloledwa kupereka kwa wotumikira maola 1,700, omwe ndi utumiki wa chaka chathunthu, inali madola 18,700, kutanthauza madola 11 pa ola. Mabungwe ena amawonjezerapo, ndipo ndalamayi ndi yoposa malipiro otsikitsitsa a dziko lonse, amene angoima pa madola 7.25 pa ola kuyambira mu 2009. Koma zigawo zambiri zinachisiya kalekale chiwerengero chimenecho. Ku California chaka chomwecho wantchito wamba sankayenera kulandira zochepera madola 16 pa ola, ndipo ogwira ntchito m'malesitilanti akuluakulu a zakudya zachangu anakwezeredwa kufika pa madola 20.

Ndikudziwa kuti wowerenga amene ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre akachulukitsa madola 18,700 ndi mtengo wa kwacha adabwa kuti tikudandaula chiyani. Koma ndalama imayezedwa ndi mitengo ya kumene ikudyedwera. Madola amenewo akagawidwa pa miyezi 11 kapena 12 amakhala pakati pa 1,500 ndi 1,700 pa mwezi msonkho usanachotsedwe, pamene m'mizinda ngati Los Angeles ndi San Francisco lendi ya nyumba ya chipinda chimodzi imapitirira madola 2,000, ndipo ngakhale m'matauni ang'onoang'ono a kumapiri chipinda chimodzi m'nyumba yokhala anthu angapo chimatha kumeza theka la alawansi. N'chifukwa chake otumikira ambiri amalembetsa thandizo la boma logulira chakudya lotchedwa SNAP, ndipo malamulo anakonzedwa mwakuti alawansi ya ambiri mwa iwo isamawerengedwe poona ngati akuyenera thandizolo. Sindikunyoza thandizo limeneli, chifukwa lapulumutsa ana ambiri ku njala. Koma likusonyeza kuti boma likudziwa bwino lomwe kuti alawansiyo siikwanira chakudya, ndipo m'malo moikweza linasankha kuimika anthu amene akuligwirira ntchito pa mzere wa olandira thandizo.

Oikira kumbuyo dongosololi amati munthu asamayang'ane alawansi yokha popeza pali zolowa zina, ndipo pamenepo akunena zoona. Wotumikira chaka chathunthu amene alibe inshuwalansi ya zaumoyo amapatsidwa, chomwe ndi chinthu chachikulu m'dziko limene kuthyoka mwendo kungamusiye munthu ndi ngongole ya zaka zambiri. Amene ali ndi ana ndipo amapeza zochepa angathe kuthandizidwa kulipira owasamalira anawo. Amene ali ndi ngongole ya sukulu yochokera ku boma amaloledwa kuimitsa kaye kubweza, ndipo akamaliza utumiki chiwongoladzanja chimene chaunjikana pa nthawiyo chimalipiridwa ndi boma. Komabe ntchito ya m'nkhalango imayendera nyengo, moti achinyamata ambiri amatumikira miyezi itatu kapena theka la chaka, ndipo kwa oterewa nkhani ya inshuwalansi imadalira kwambiri mtima ndi thumba la bungwe limene lawatenga.

Cholowa chimene chimatchulidwa kwambiri pokopa achinyamata ndi mphoto ya maphunziro yotchedwa Segal AmeriCorps Education Award, imene inatenga dzina la Eli Segal, mkulu woyamba wa bungweli. Kukula kwake kumatsatira thandizo lokwera kwambiri la Pell Grant, limene boma limapereka kwa ophunzira a m'mabanja osauka, ndipo mu 2024 inali madola 7,395 kwa womaliza maola 1,700, pamene womaliza maola 900 amalandira theka lake. Ndalamayi munthu saigwira m'manja. Imapita ku sukulu imene akuphunzira kapena kwa amene anamukongoza ndalama za maphunziro, ndipo iyenera kugwiritsidwa ntchito pasanathe zaka 7. Amene wasiyira utumiki panjira pa chifukwa chimene malamulo amachivomereza, monga matenda aakulu kapena imfa ya wachibale, angathe kupatsidwa gawo lolingana ndi maola amene wagwira. Koma kusiya chifukwa chakuti wapeza ntchito yolipira bwino sikuli m'gulu la zifukwa zimenezo, moti mwana amene wapirira miyezi isanu n'kugonja m'mwezi wachisanu ndi chimodzi chifukwa lendi yamukanika amachoka chimanjamanja. Mphotoyi ili ngati chimanga cha mwezi wa Febuluwale, chimene chimaoneka bwino m'munda n'kumapatsa chiyembekezo pamene m'nyumba ufa watha, ndipo amene amafika nacho pa nthawi yokolola ndi amene anali ndi kena kodya podikira.

Pamwamba pa zonsezi pali msonkho. Chaka chimene wachinyamata wagwiritsa ntchito mphotoyi, boma limaiwerengera ngati ndalama imene wapeza, ndipo amayenera kulipira msonkho kuchokera m'thumba mwake pa ndalama imene sanaione ndi maso. Pell Grant, imene mphotoyi imayezedwerapo, siidulidwa msonkho ikapita ku fizi ndi mabuku. Choncho wophunzira amene walandira thandizo chifukwa cha umphawi wokha salipira kanthu, zomwe ndi zoyenera, pamene mnzake amene wakumba tinjira chaka chathunthu kuti apeze ndalama yomweyo amalipira. Mwana wa mchemwali wanga anazidziwa zimenezi pa nthawi yolemba mafomu a msonkho, atayamba kale koleji ndipo alibe ntchito, ndipo anandiimbira foni akuganiza kuti walakwitsa polemba.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti dziko lomweli linadziwapo kale njira ina. Magulu onsewa amanyadira kuti ndi zidzukulu za Civilian Conservation Corps, imene Franklin D. Roosevelt anayambitsa mu 1933 pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, pamene munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito anali pa ulova. Poyamba ankalemba anyamata osakwatira a zaka 18 mpaka 25 ochokera m'mabanja ovutika, kwa miyezi 6, ndipo munthu ankatha kuwonjezera mpaka zaka 2. Malipiro anali madola 30 pa mwezi, koma madola 25 ankatumizidwa kwa makolo kapena abale kumudzi, mnyamatayo n'kutsala ndi madola 5. Ndalama yotsalayo inali yokwanira chifukwa makampu, amene ankayendetsedwa ndi asilikali ndipo iliyonse inkakhala ndi anthu pafupifupi 200, ankapereka pogona, chakudya katatu pa tsiku, zovala, nsapato ndi chithandizo cha mankhwala, masiku ogwira ntchito ndi opuma omwe. Madzulo kunkakhala maphunziro, ndipo anyamata masauzande ambiri anaphunzirira kumeneko kuwerenga ndi kulemba. Pofika mu 1942, pamene aphungu a Congress, nyumba ya malamulo ya dzikoli, anasiya kupereka ndalama dziko litalowa m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amuna pafupifupi 3 miliyoni anali atadutsa m'makampuwo ndipo anali atabzala mitengo pafupifupi 3 biliyoni.

Sindikufuna kuikometsa mbiriyi kuposa mmene inalili. Akazi sankaloledwa kulowa, ndipo anyamata akuda ankavutika kupeza malo, makamaka m'zigawo za kum'mwera, ndipo amene apeza ambiri ankaikidwa m'makampu awoawo. Mkangano wa malipiro nawonso unalipo kuyambira pachiyambi. William Green, amene ankatsogolera mgwirizano wa mabungwe a apantchito wa American Federation of Labor, anatsutsa malipiro a dola imodzi pa tsiku poopa kuti atsitsa malipiro a anthu ena onse, ndipo Roosevelt anaziziritsa mkwiyowo poika Robert Fechner, mmodzi mwa atsogoleri a mabungwe a apantchito, kukhala mkulu wa ntchito yonseyo. Koma pa mfundo imene ndikunena pano, anthu a mu 1933 anaganiza bwino kuposa a lero. Mnyamata wosauka ankafika pa kampu wopanda jombo, wopanda bulangete, wopanda galimoto, ndipo kuyambira mwezi woyamba amayi ake ndi azing'ono ake ankadya chifukwa cha iye. Ife amene tinakulira m'mabanja amene malipiro a munthu mmodzi amadyetsa khamu sitifunika kufotokozeredwa tanthauzo la madola 25 aja. Lero zinthu zatembenuka, chifukwa m'mabanja ambiri ndalama zikuchoka kwa makolo kupita kwa mwana amene akutumikira dziko, ndipo banja limene silingakwanitse kutumiza kanthu, kapena limene likudikira kuti mwanayo ndiye alithandize, limangomuuza kuti akafune ntchito m'sitolo.

Si magulu onse a masiku ano amene anataya nzeru yakaleyo. California Conservation Corps, imene inakhazikitsidwa mu 1976 Jerry Brown ali bwanamkubwa wa chigawocho, ndi nthambi ya boma la California, ndipo imatenga achinyamata a zaka 18 mpaka 25 komanso amene anakhalapo asilikali mpaka zaka 29. Mawu ake odziwika nawo amalonjeza poyera ntchito yakalavulagaga, malipiro ochepa ndi moyo wovuta, ndipo ine ndimakonda chilungamo chimenecho. Koma malipiro amene iwo akuti ndi ochepawo akhala oposa madola 2,500 pa mwezi m'zaka zaposachedwapa, ndipo gululi lili ndi malo ena ogonera komweko kumene ndalama imene amadula ya chipinda ndi chakudya ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi lendi ya m'tauni. Amene sanamalize sekondale amaphunzira akugwira ntchito mpaka kulandira satifiketi, pali inshuwalansi ya zaumoyo, ndipo gululi lili ndi thandizo lakelake la maphunziro powonjezera pa mphoto ya AmeriCorps. Ena amalowa m'magulu ozimitsa moto ogwira ntchito limodzi ndi CAL FIRE, nthambi ya boma la California yoona za nkhalango ndi kuzimitsa moto, n'kutulukamo ndi luso limene limawapezetsa ntchito yokhazikika. N'zosadabwitsa kuti kumeneko kumapezeka ana ambiri a m'mabanja ovutika. Mbali ina kuli AmeriCorps NCCC, gulu la achinyamata loyendetsedwa ndi AmeriCorps yeniyeniyo, limene limapereka pogona ndi chakudya kwa miyezi 10 monga zinkachitikira kale, koma alawansi yake kwa zaka zambiri yakhala pafupifupi madola 4,000 pa nthawi yonseyo, ndalama yoti munthu sangatumizeko kanthu kwa aliyense.

Pali anthu abwino, odzipereka pa ntchitoyi, amene amandiyankha kuti utumiki si ganyu, kuti wachinyamata akulandira maphunziro a ntchito kwaulere, komanso kuti ndalama zilipo zochepa moti alawansi ikakwera malo achepa. Mfundo yomalizayi ndi yoona ndipo sindiipeputsa. Koma ntchito imene anawa amagwira si yongowasangalatsa kapena yongowachotsa pa msewu. Nthambi ya boma yosamalira mapaki a dziko, ya National Park Service, yokha ili ndi ntchito zokonza misewu, nyumba, tinjira ndi mipope zimene zakhala zikudikira, za ndalama zoposa madola 20 biliyoni, ndipo n'chifukwa chake mu 2020 kunakhazikitsidwa lamulo la Great American Outdoors Act lopereka mpaka madola 1.9 biliyoni pa chaka kwa zaka 5 kuti ntchito zotere zichepeko. Nthambi za boma zosamalira nkhalango ndi malo zimalipira mabungwe a achinyamatawa kuti atumize magulu awo, ndipo pakanapanda iwo ntchitoyo ikanagwiridwa ndi makontirakitala kapena antchito a boma pa mtengo wokwera. Ngati khoma la miyala lija ndi lofunika, ndiye kuti lili ndi mtengo wake, ndipo gawo la mtengowo limene boma silinalipire lalipiridwa ndi mtsikana wogona m'galimoto uja ndi makolo amene akutumiza ndalama. Ine ndingalole kuti malo achepeko koma akhale oti mwana aliyense angawafikire, kusiyana n'kuti achuluke koma akhale a okhawo amene ali ndi owagwiriziza kumbuyo.

Chimene chimachititsa kuti nkhaniyi ikhale yaikulu kuposa ya chaka chimodzi cha moyo wa munthu ndi khomo limene utumikiwu umatsegula. Pansi pa lamulo la Public Lands Corps, wachinyamata amene wagwira maola 640 pa ntchito zovomerezeka amapatsidwa chikalata chomulola, kwa zaka 2, kufunsira ntchito m'nthambi za boma zosamalira malo popanda kupikisana ndi khamu lonse la ofunsira ntchito. Ena mwa oyang'anira mapaki, akatswiri a nkhalango ndi ozimitsa moto a lero anayambira m'magulu amenewa. Choncho amene angakwanitse kupirira malipiro ochepa ali ndi zaka 19 ndi amenenso adzakhale ndi ntchito yokhazikika ya penshoni ali ndi zaka 30, ndipo ndi amene adzapange ziganizo za nkhalango za dziko lonse ali ndi zaka 50. Atsogoleri a nthambizi akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti antchito awo ambiri ndi azungu ndipo sakufanana ndi mtundu wonse wa anthu a ku America. Gawo lina la yankho la dandaulo limenelo lili pa mtengo wa jombo ndi pa funso la kumene mwana agone pa masiku 6 opuma.

Zimene zinachitika mu 2025 zinaonetsa poyera kufooka kwa munthu amene akugwira ntchito koma lamulo silimutcha wantchito. American Climate Corps, imene Joe Biden analengeza mu Seputembala 2023 ndi cholinga chotenga achinyamata 20,000 kuti agwire ntchito zolimbana ndi kusintha kwa nyengo, inatha mu Januwale 2025 utsogoleri utasintha. Mu Epulo chaka chomwecho, pa ntchito yodula ndalama za boma ya ulamuliro wa Donald Trump, achinyamata a NCCC anauzidwa mwadzidzidzi kuti alongedze abwerere kwawo utumiki wawo usanathe, ndipo posakhalitsa thandizo la AmeriCorps la pafupifupi madola 400 miliyoni lopita ku mabungwe osiyanasiyana linaimitsidwa. Zigawo zambiri zinakasuma ku khoti, ndipo woweruza analamula kuti thandizolo libwezeretsedwe m'zigawo zimene zinasumazo. Koma pakati pa tsiku lolandira uthenga ndi tsiku la chigamulo panali masabata amene mwana ankafunika pogona ndi chakudya. Wokhala ndi makolo opeza bwino anangokwera ndege n'kukalowa m'chipinda chake chakale. Amene anakulira m'nyumba za omulera a boma, kapena amene analowa utumikiwo chifukwa unkamupatsa denga, anatsala opanda ntchito, opanda pokhala komanso opanda thandizo la anthu amene ntchito yawathera.

Makolo anzanga akandifunsa ngati amulole mwana kulowa, sindiwaletsa, chifukwa mwana wa mchemwali wanga anatulukamo ali munthu wodalirika, wodziwa kugwiritsa ntchito makina odulira mitengo mosamala, wodziwa kupereka chithandizo choyamba kutali ndi chipatala, ndipo panopa akuphunzira za nkhalango ku koleji. Ndimangowauza kuti afunse mosachita manyazi ngati pogona palipo masiku onse a mwezi kapena a kutchire okha, ngati zida ndi jombo zimaperekedwa, ngati inshuwalansi ilipo kwa wotumikira miyezi yochepa, komanso ngati maola akewo adzawerengedwa pa 640 aja. Kwa amene amapanga malamulo ndikufuna zambiri kuposa pamenepa. Alawansi isamatsike kuposa malipiro otsikitsitsa a chigawo chimene mwanayo akutumikira, ndipo bungwe limene limatenga achinyamata kupita nawo kutchire lizikhala ndi powagoneka akabwerako, ngakhale nyumba imodzi yogonamo gulu lonse. Kuchotsa msonkho pa mphoto ya maphunziro ndiye chophweka kuposa zonse. Zigawo zina, monga Minnesota ndi Iowa, zinasiya kale kudula msonkho wawo pa mphotoyi, ndipo ku Congress aphungu a zipani zonse ziwiri abweretsapo kangapo mabilu ochotsa msonkho wa dziko lonse, amene akufunika kuvomerezedwa.